KUWERENGA MAU NDI KUWERENGA ZINTHU: PHUNZIRO LOCHOKERA KU MZIMBA

Nkhani ya lero ndi ya makolo, aphunzitsi, mafumu ndi aliyense amene ali ndi mwana pa sukulu ya pulaimale. Ikuchokera m'boma la Mzimba, makamaka pa Boma penipeni ndi madera a kumwera kwake monga Embangweni, Edingeni, Jenda, Champhira ndi Luwerezi, koma zimene zili m'menemo zikukhudza maboma onse.

M'Chichewa muli mau amodzi amene amagwira ntchito ziwiri. Mwana akatsegula buku natchula zimene zalembedwamo, anthu amati akuwerenga. Mnyamata akaima pa khomo la khola madzulo kuti aone ngati ng'ombe zonse zabwerako ku dambo, amatinso akuwerenga. Ku sukulu ntchito ziwirizi zinapatsidwa nthawi zosiyana ndi mabuku osiyana, kotero kuti anthu ambiri amayesa kuti palibe chibale pakati pake. Kholo limadandaula kuti mwana wake wa Sitandade 6 masamu akumukanika, nkumafunafuna womuphunzitsa mwapadera, osadziwa kuti kawirikawiri vutolo linayamba zaka zinai kapena zisanu m'mbuyomo, pamene mwanayo anatuluka m'Sitandade 1 ndi 2 asanadziwe kuwerenga mau.

Funso limodzi la masamu

Nali funso longa limene ana amakumana nalo m'makalasi apakati: "Mlimi wina anakolola matumba 24 a mtedza. Anagulitsa matumba 9 pa msika wa Jenda, ndipo otsalawo anagawira ana ake atatu mofanana. Kodi mwana aliyense analandira matumba angati?"

Masamu ake ngochepa. Kuchotsa 9 pa 24 kumatsala 15, ndipo 15 akagawidwa patatu yankho ndi 5. Mwana atapatsidwa timiyala 24, wina namufotokozera nkhaniyi pakamwa m'chinenero cha kwao, akhoza kupeza yankholo posachedwa. Pa pepala zinthu zimasintha. Mwana wosadziwa kuwerenga amasaka manambala okha. Amaona 24, amaona 9, naphatikiza, nalemba 33. Nambala yachitatu saiona konse popeza yabisala m'mau akuti "atatu". Mau akuti "otsalawo" ndiwo akulamula kuchotsera, mau akuti "mofanana" ndiwo akulamula kugawa, ndipo onsewa amudutsa osawazindikira.

Palinso mwana wina amene amatha kutchula mau, koma mochedwa kwambiri, phatikizo limodzilimodzi: a-na-ko-lo-la. Pofika kumapeto kwa funso amakhala ataiwala chiyambi chake, chifukwa mutu wa munthu sungasunge zinthu zambiri pa nthawi imodzi. Mphamvu zake zonse zathera pa kutchula, ndipo zoganizira nkhaniyo sizinatsaleko. Mphunzitsi pochonga amaika mtanda wofiira kwa onse awiri, nalemba m'kaundula kuti alephera masamu.

M'chaka cha 1977 mai Anne Newman, katswiri wa maphunziro wa ku Australia, anakhala pansi ndi ana amene ankalephera masamu, nawafunsa mmodzimmodzi kuti aone pamene penipeni akupunthwa. Anaona kuti mwana amakwera makwerero asanu asanafike pa yankho: kuwerenga funso, kumvetsa chimene likufuna, kusankha njira ya masamu yoyenera, kuwerengera, ndi kulemba yankho moyenera. Pafupifupi theka la zolakwa zonse linkachitika pa makwerero atatu oyambawo, mwana asanayambe n'komwe kuwerengera. Ndipotu awa anali ana a dziko limene Chingerezi cha m'buku ndicho chinenero chomveka pa msewu ndi pa msika.

Manambala nawonso ndi malembo

Chibale cha maphunziro awiriwa chimayamba mwana asanafike pa mafunso a nkhani. Kuti awerenge mau, ayenera kuzindikira kuti kachizindikiro kolembedwa pa bolodi kakuimira kamvekedwe kenakake, ndiponso kuti malembo amatsatana kuchokera kumanzere kupita kumanja. Nzeru yomweyi ndi imene imamuonetsa kuti 12 ndi 21 si nambala imodzi ngakhale zizindikiro zake n'zofanana. Diso limene laphunzira kusiyanitsa b ndi d silivutika kusiyanitsa 6 ndi 9. Dzanja limene lazolowera kulemba malembo mu mzere woongoka limathanso kundanda manambala bwino pophatikiza, makumi pansi pa makumi anzake.

Zizindikiro za +, −, × ndi = nazonso zimawerengedwa monga mau m'chiganizo. Ana ambiri amakula akuyesa kuti chizindikiro cha = chimatanthauza kuti "lemba yankho apa", pamene tanthauzo lake lenileni n'lakuti za mbali iyi ndi za mbali iyo n'zolingana, monga sikelo ya mbale ziwiri ikaima chilili. Mwana wotere akapatsidwa 8 + 4 = ... + 5 amalemba 12 m'malo mwa 7. Cholakwachi chimaoneka chaching'ono m'Sitandade 3, koma chimamutsata mpaka ku Fomu 1, kumene masamu a malembo, aja a x ndi y, amatsamira kwathunthu pa tanthauzo la chizindikiro chimenechi.

Komabe masamu sayenera kudikira kuti mwana ayambe wadziwa kuwerenga. Mu 2007 akatswiri otsogozedwa ndi Greg Duncan anaunika pamodzi mbiri ya magulu asanu ndi limodzi a ana a ku America, Canada ndi Britain amene anatsatidwa kwa zaka zingapo. Anapeza kuti chimene chimalosera bwino koposa za kakhozedwe ka mwana m'tsogolo ndi nzeru ya manambala imene ali nayo poyamba sukulu. Chotsatira chake ndi luso la mau ndi kuwerenga, kenaka kutha kuika maganizo pa ntchito. Motero ziwirizi zimafunika kubzalidwa pa nyengo imodzi, monga chimanga ndi nyemba m'munda umodzi.

Zimene mayeso anaonetsa muno m'Malawi

Mu 2007 bungwe la SACMEQ linayesa ana a Sitandade 6 m'maiko a kumwera ndi kum'mawa kwa Africa. Malawi ndi Zambia ndiwo anakhala kumapeto, pa kuwerenga ndi pa masamu pomwe. Mu 2010 Unduna wa Maphunziro, mothandizidwa ndi boma la America, unayesa ana a makalasi oyambirira m'zigawo zonse za dziko lino. Ana oposa 7 mwa 10 alionse a Sitandade 2 sanathe kuwerenga ngakhale mau amodzi a kankhani kachidule ka m'Chichewa, ndipo m'Sitandade 4 otero anali pafupifupi 4 mwa 10. Pambuyo pake kafukufuku wa m'makomo amene National Statistical Office inachita pamodzi ndi UNICEF mu 2019 ndi 2020 anapeza kuti mwa ana 100 a zaka 7 mpaka 14, ana 19 okha ndiwo anali ndi luso loyambira la kuwerenga, ndipo 13 okha ndiwo anali ndi luso loyambira la masamu. Ziwerengero za maphunziro awiriwa zimatsika pamodzi, ndipo za masamu zimakhala pansi pa zinzake.

Mwana wa zinenero zitatu

Ku Mzimba katunduyu amalemera kuposa kwina. Bomali ndi lalikulu koposa onse m'dziko muno pa kukula kwa malo, ndipo kalembera wa 2018 anapezamo anthu oposa 900,000, osawerengera mzinda wa Mzuzu. Ndi dziko la Angoni a Inkosi ya Makosi M'mbelwa pamodzi ndi Atumbuka, koma chinenero cha pakhomo, cha ku munda ndi cha ku tchalitchi ndi Chitumbuka. Chingoni chinatsalira makamaka m'nyimbo za ingoma, m'maina a midzi ndi m'miyambo.

Mwana wa ku Edingeni amalowa m'Sitandade 1 akulankhula Chitumbuka. Buku limene amaphunzirira kuwerenga ndi la Chichewa. Mayeso a masamu a Sitandade 8, amene amatsegula kapena kutseka khomo la sekondale, amabwera m'Chingerezi. M'zaka zisanu ndi zitatu mwanayu amaoloka mitsinje itatu, pamene mnzake wa ku Dowa kapena ku Dedza amaoloka iwiri.

Kuti zifike pamenepa zinayenda motere. Kufikira 1968 sukulu za chigawo cha kumpoto zinkaphunzitsa makalasi oyambirira m'Chitumbuka. M'chaka chimenecho Chichewa chinakhazikitsidwa kukhala chinenero cha dziko lonse, ndipo chinalowa m'malo mwa Chitumbuka m'sukulu ndi pa wailesi. Mu 1996 Unduna unalamula kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'chinenero cha kwao, koma mabuku ndi maphunziro a aphunzitsi oyenerana ndi lamuloli sizinatsatire mokwanira. Lamulo la Maphunziro la 2013 linaika Chingerezi kukhala chinenero chophunzitsira, ndipo mu 2014 boma linalengeza kuti chiyambire m'Sitandade 1. Malamulo asintha katatu, koma mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi amabwerabe ndi chinenero cha amai ake, ndipo mphunzitsi ndiye amene amasenza ntchito yomuolotsa.

Anthu ena amati Chitumbuka ndi Chichewa n'zapachibale, choncho mwana savutika. N'zoona kuti n'zapachibale, koma chibalecho chili ndi misampha yake. Kwa Mtumbuka kusambira ndi kuphunzira, pamene kwa Mchewa ndi kuoloka madzi. Mtedza wa m'funso lija mwana wa ku Champhira amaudziwa kuti skaŵa. Chimanga amati vingoma, nyemba amati ntchunga, khasu amati jembe. Madzi kwa iye ndi maji, dzuwa ndi zuŵa. Tsono mwana amene akulimbana ndi kulumikiza malembo amatchula mau molondola koma osaona chinthu chilichonse m'maganizo mwake, ndipo masamu a chinthu chosaoneka m'maganizo ndi ovuta kwa wamkulu yemwe.

Chingerezi nacho chili ndi misampha ina. Mau akuti thirteen ndi thirty amamveka ngati amodzi m'khutu la mwana, makamaka m'kalasi la ana ochuluka kapena la pansi pa mtengo. Mau akuti left amatanthauza kumanzere, amatanthauzanso chotsala. Mau akuti table amatanthauza gome, amatanthauzanso mndandanda wa manambala. Pulofesa Mercy Kazima wa ku University of Malawi analembapo zambiri za mmene ana a muno amamvera mau a masamu a m'Chingerezi mosiyana ndi mmene buku likufunira.

Apa pali chuma chimene sukulu imachinyalanyaza. Zinenero za kuno zimatchula manambala momasula dongosolo lake. Mchewa amati "khumi ndi zitatu" potchula 13, namati "makumi atatu" potchula 30. Mtumbuka amati "khumi na vitatu" ndiponso "makhumi ghatatu". Mauwo okha akuphunzitsa kale kuti 3 wa mu 13 ndi zinthu zitatu, pamene 3 wa mu 30 ndi mitolo itatu ya zinthu khumi khumi. Ili ndilo phunziro lalikulu la masamu a makalasi oyambirira, ndipo mwana amene sanalimvetse ndi amene amalemba 1005 akauzidwa kuti alembe 105. N'zoona kuti pa msika anthu anazolowera kutchula mitengo m'Chingerezi, ndiponso kuti manambala akuluakulu amatalika m'zinenero zathu. Komabe mphunzitsi wanzeru amayambira pa khumi ndi makumi, kenaka nkubweretsa maina a Chingerezi mwana atagwira kale tanthauzo.

Zimene akale anachita

Kuphunzitsa kuwerenga si kwachilendo ku Mzimba. Mu 1882 William Koyi, mlaliki wa Chixhosa wochokera ku Lovedale ku South Africa, anakhazikika pa Njuyu, ndipo Dr Walter Elmslie anamupeza kumeneko mu 1885. Poyamba mafumu a Angoni anakana sukulu poopa kuti anyamata adzafooka pa nkhondo. Anyamata ena, monga Mawelera Tembo, ankabwera usiku mobisa kudzaphunzira malembo. Chilolezo chinaperekedwa mu 1886, chaka chimene Koyi anamwalira, ndipo sukulu yoyamba inatsegulidwa. Mu 1902 Donald Fraser anasamutsa mishoni kuchoka ku Hora kupita ku Embangweni, m'dera la Inkosi Mzukuzuku, naitcha Loudon. Kuchokera pamenepo sukulu za m'midzi zinafalikira kumwera konse kwa bomali.

Sukulu zimenezo zinali zosauka, za udzu ndi zidina, ndipo aphunzitsi ambiri anali ophunzira pang'ono chabe. Koma zinagwira zinthu ziwiri zofunika kuzikumbukira. Choyamba, mwana ankayamba kuwerenga m'chinenero chimene ankamva. Amishoni anayamba ndi Chingoni, ndipo ataona kuti anthu ambiri akulankhula Chitumbuka anatembenukira kumeneko. Chachiwiri, mphunzitsi wa kumudzi sankasiyidwa yekha. Ankayenderedwa, ndiponso ankaitanidwa ku mishoni nthawi ndi nthawi kukaonjezera maphunziro ake. Mbiri ya chigawo cha kumpoto yotulutsa makalaliki, aphunzitsi ndi owerengera ndalama amene anakagwira ntchito mpaka ku Zambia, Zimbabwe ndi South Africa inamera pa maziko amenewa.

Mphunzitsi wa kalasi loyamba

Mu 1994 boma linachotsa fizi m'sukulu za pulaimale. Chiwerengero cha ana chinakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni. Chinali chinthu chabwino kwa ana a anthu osauka, koma aphunzitsi anaperewera, ndipo zikwi zambiri za achinyamata zinalembedwa ntchito zitangophunzitsidwa masabata owerengeka. Kuyambira 1997 ndondomeko ya MIITEP inayesa kuwasula, miyezi itatu ku koleji, nthawi yotsalayo ali pa ntchito. Pambuyo pake kunabwera maphunziro a zaka ziwiri otchedwa IPTE, gawo lina ku koleji, gawo lina pa sukulu. M'boma la Mzimba aphunzitsi amasulidwa pa koleji ya Loudon ku Embangweni, ya Sinodi ya Livingstonia, ndiponso pa koleji ya bungwe la DAPP.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 2000 maphunziro a pa wailesi otchedwa Tikwere ankathandiza aphunzitsi a makalasi oyambirira kuphunzitsa kuwerenga ndi masamu. Mu 2015 Unduna unasindikiza miyezo 26 yotchedwa National Education Standards, yofotokoza zimene sukulu yabwino iyenera kukwaniritsa pa kaphunziridwe ka ana, kaphunzitsidwe ndi kayendetsedwe ka sukulu. Mu 2016 kunakhazikitsidwa National Reading Programme, ndondomeko yophunzitsa kuwerenga m'Sitandade 1 mpaka 4 mwadongosolo: kumva kamvekedwe ka mau, kulumikiza malembo kukhala maphatikizo, kuwerenga mosadodoma, kudziwa mau atsopano ndi kumvetsa nkhani. Akuluakulu amene anaphunzira ndi buku lakale la Sosa adzazindikira njira ya maphatikizoyi. M'zaka za m'ma 2020 Unduna, mothandizidwa ndi boma la Britain, unayambanso kukonza masamu a makalasi omwewa.

Miyezo yolembedwa ku Lilongwe imapindula pokhapokha ikalowa m'kalasi la ku Luwerezi. Cholinga cha boma ndi chakuti mphunzitsi mmodzi akhale ndi ana 60, koma m'sukulu zambiri za m'dziko muno Sitandade 1 imapitirira ana 100, pamene Sitandade 8 imakhala ndi ana ochepa ndi aphunzitsi angapo. Chizolowezi chimenechi chimabwera chifukwa dzina la sukulu limamveka pa zotsatira za mayeso a Sitandade 8. Tsono aphunzitsi odziwa ntchito amaikidwa pamwamba kuti akapulumutse ana m'miyezi yomaliza, pamene pansi pamatsala mmodzi ndi khamu la tiana. Kutero n'chimodzimodzi kuthira feteleza chimanga chitamasula kale ngaiyaye. Akale anati m'mera mpoyamba.

Nanga phunziro lofika pa muyezo limaoneka bwanji? Silifuna zipangizo za mtengo wapatali. Mphunzitsi amabwera ndi timitengo tomangidwa m'mitolo ya khumi khumi, zitsekerero za mabotolo kapena nthanga. Amayamba wafotokoza nkhani ya funso m'Chitumbuka mpaka ana ataona matumba a skaŵa m'maganizo mwao. Kenaka ana amagawa timitengo ndi manja ao, amajambula, ndipo pomaliza pake amalemba manambala. Mau a masamu amalembedwa pa khoma m'zinenero zonse zitatu moyang'anizana: kusazga ndi kuphatikiza ndi add, kugaŵa ndi kugawa ndi divide. Mphunzitsi amachita yekha choyamba ana akuona, kenaka amachitira pamodzi, potsiriza mwana amachita yekha.

Chinanso ndi ichi: kalasi loyankhira pamodzi limanyenga. Ana 100 akafuula yankho, mwina odziwa ndi khumi okha, enawo akungotsatira. Mphunzitsi wofika pa muyezo amapeza njira yomvera mwana aliyense akuwerenga payekha, ngakhale ana asanu pa tsiku. Ndipo mwana akalakwa samu, amamufunsa motsata makwerero asanu aja a mai Newman: "Tandiwerengera funsoli. Likufuna chiyani? Uchita bwanji kuti upeze yankho? Tachita ndione. Tsopano lemba." Pa mphindi zitatu zokha amadziwa ngati mwanayo akusowa masamu kapena akusowa mau. Alangizi a sukulu za pulaimale, amene amayang'anira zoni iliyonse, angathandize kwambiri ngati poyendera sukulu atamayambira m'Sitandade 1 ndi 2, nakhala m'kalasimo mpaka phunziro litatha.

Chimene chimatayika

Wina angafunse kuti mwana amene sadzapita ku sekondale ataya chiyani. Yankho lili pa msika wa Jenda, pamene mai wogulitsa tomato, anyezi ndi mbatata ya kachewere ayenera kudziwa ngati mtengo wa ogula ochokera ku Lilongwe ukubweza ndalama za mbeu, feteleza ndi mankhwala. Lili pa sikelo ya vendala wogula soya ndi mtedza m'mudzi, pamene makilogalamu awiri otayika pa thumba lililonse amasanduka thumba lathunthu pa matumba 25. Lili m'kaundula wa banki m'khonde, mmene chiongoladzanja chimawerengedwa mwezi ndi mwezi. Lili pa botolo la mankhwala a mwana wodwala, pamene palembedwa mlingo wake ndi nthawi zomwera.

Mzimba ndi boma limene anyamata ambiri amapita ku Joni kukafuna ntchito, monga ankachitira agogo ao m'masiku a migodi. Ndalama zimene amatumiza zimachoka m'marandi kulowa m'makwacha, ndipo uthenga wake umafika pa foni m'malembo ndi m'manambala. Amai kapena agogo amene satha kuwerenga uthengawo amadalira chilungamo cha munthu wina. Mnyamatayo nayenso amasaina mapepala a ntchito ndi a malipiro m'dziko la eni. Pa zonsezi kuwerenga mau ndi kuwerenga zinthu zimafunika pa nthawi imodzi.

Mbali ya makolo ndi mafumu

Kholo losaphunzira lisadziyese lopanda gawo. Mwana amene amamva nthano, zimene kumpoto amati vidokoni, amaphunzira kusunga nkhani m'mutu kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto, ndipo luso limeneli ndi lomwe funso la masamu limafuna. Mwana amene amatumidwa kukawerenga mazira, kugawa mango mofanana kwa abale ake, kapena kulandira chenje ku golosale, akuphunzira masamu enieni. Bawo ndi nsolo ndi sukulu ya kuwerengera patsogolo. Madzulo kholo likhoza kuuza mwana kuti awerenge mokweza tsamba limodzi la buku lake, kenaka afotokoze m'Chitumbuka zimene wawerengazo. Ngakhale agogo osadziwa lembo limodzi amazindikira ngati mdzukulu akudodoma kapena ngati sakumva zimene akutchula.

Mwana apite ku sukulu ya mkombaphala kumene ilipo, ndipo ayambe Sitandade 1 pa zaka zisanu ndi chimodzi. Asajombe m'nyengo ya dzinja chifukwa cha ubusa kapena ntchito ya fodya, popeza maphunziro a malembo ndi manambala amamangidwa ngati njerwa, ina pamwamba pa inzake, ndipo sabata limodzi losowa limasiya mpata m'khoma.

Mafumu, makomiti a sukulu ndi magulu a amai ali ndi mphamvu yofunsa. Pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi anthu anazolowera kufunsa kuti ana angati asankhidwa kupita ku Mzimba Secondary School kapena ku Robert Laws ku Embangweni. Funsoli n'labwino, koma limabwera mochedwa. Loyenera kutsogola ndi ili: kodi mwa ana a Sitandade 2 a sukulu ino, ndi angati amene angawerenge chiganizo paokha nafotokoza tanthauzo lake? Ndi angati amene angaonetse 34 ndi mitolo ya timitengo? Ndipo ndani akuwaphunzitsa? Aphunzitsi aakulu amene ali ndi mayankho a mafunso atatuwa akudziwa kale mmene zotsatira za masamu za sukulu yao zidzakhalire zaka zisanu ndi chimodzi zikubwerazo, ndipo akadali ndi nthawi yozikonza.

Mwana amene watsalira kale asatayidwe. Wa Sitandade 5 kapena 6 amene sadziwa kuwerenga akhoza kubwezedwa ku maphatikizo kwa theka la ola tsiku lililonse, m'kagulu kochepa, popanda kumuchititsa manyazi pamaso pa anzake. Popeza ndi wamkulupo, kawirikawiri amagwira msanga kuposa wa Sitandade 1, ndipo mafunso a masamu amene ankamuopsa amayamba kumveka ngati nkhani wamba za matumba, ndalama ndi mitunda.

Apa ndi pamene pathera nkhani ya lero.